Kaputeni wa Akavalo M'ovololo ya Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinakana koyamba kumvera mphunzitsi, ndipo pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo ndinapepesapo chiganizo chimodzi chokha. Zinazo sindinapepese, ndipo sindikuganiza kuti ndidzapepesa.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Dubai, anthu atatu: bambo, mayi ndi ine Pilirani, mwana wawo mmodzi yekha. Bambo anali injiniya pa kampani ina yomanga nyumba zosungiramo katundu ku Jebel Ali, kufupi ndi doko. Mayi anali namwino pachipatala china cha m'tauni. Tinali ndi fulati yathuyathu ku Al Twar, ndipo m'mawa uliwonse galimoto ya kampani inkabwera kudzatenga bambo pakhomo. Woyendetsa wake anali Che Jafali, bambo wachikulire wa ku Mangochi, amene ankatsika kudzawatsegulira chitseko ngakhale bambo ankawaletsa tsiku ndi tsiku. Ine ndinkaphunzira pasukulu yotsatira maphunziro a ku America, ndipo ndinkayenda ngati mwana wodziwa kuti bambo ake ndi munthu wina wake.

Kenako chuma cha dziko lonse chinagwa. Mwana samva za mabanki, koma maso ali nawo. Zimakina zazitali zonyamulira zitsulo, zimene zinkazungulira pamwamba pa nyumba zosamalizidwa, zinangoima malo amodzi mwezi wathunthu. M'kalasi mwathu mipando inayamba kutsala yopanda eni: lero kulibe uyu, sabata yamawa kulibe uja, osatsanzika n'komwe. Lachisanu, tsiku lopuma ndi lopemphera kumeneko, tikatuluka m'tchalitchi, akuluakulu ankanong'onezana za anthu amene ankasiya magalimoto awo pabwalo la ndege, makiyi ali momwemo, n'kukwera ndege osacheuka.

Kalata ya bambo inabwera tsiku lina masana. Kampani inatseka ntchito zonse za ku Jebel Ali. Lamulo la kumeneko linali loti ntchito ikatha, viza nayonso imatha, ndipo munthu amapatsidwa masiku owerengeka kuti apeze ina kapena alongedze. Ndinawamva akukambirana kukhitchini, ine ndili pabalaza ndi buku limene sindinkawerenga.

"Bambo a Pili, tiyeni tizipita kwathu tisanachite manyazi," anatero mayi.

"Manyazi a chiyani, Nachisale? Ndaba za ndani?" anayankha bambo. "Ndinabwera muno dzuwa likuswa mtengo. Ndidzachokanso choncho, tsiku limene ndasankha ndekha."

Anayenda m'maofesi masabata atatu, tayi ili pakhosi, thukuta lili kamukamu. Kulikonse ankawauza kuti nawonso akuchotsa anthu. Tinasamuka ku Al Twar n'kupita ku Deira, m'fulati yogawana ndi mabanja ena awiri. Tinapatsidwa chipinda chimodzi, ndipo pakati pa bedi la makolo ndi langa mayi anapachika chitenje. Pawindo pankalowa fungo la zokometsera ndiwo za m'masitolo apansi, ndi phokoso la maboti owolotsa anthu pamtsinje wa mumzindamo. Sukulu yokha ndi imene sinasinthe, chifukwa kampani inali itakonza kale zoti ndimalize chaka chimenecho. Ndinkadziwa kuti chikatha, sindidzabwererakonso.

Amene anapulumutsa viza ya bambo anali Che Jafali. Iwo anachotsedwa ntchito poyambirira, ndipo anali atapeza kale malo pakhola lina la akavalo othamanga, kunja kwa mzinda, m'chipululu. Ankayendetsa lole yonyamula akavalowo. Anabwera kwathu madzulo ena, kapu ili m'manja, n'kunena mochita manyazi kuti kukholako kukufunika munthu, koma si ntchito yoti n'kuuza injiniya. Inali ntchito yokolopa m'makola, kuwola ndowe, kusakaniza chakudya ndi kusambitsa akavalo. Bambo anafunsa funso limodzi lokha, loti viza amapereka kapena ayi. Atamva kuti amapereka, anati ayamba mawa. Anakumbutsa mayi kuti iwo anakulira kubusa ku Ntcheu, ndipo kavalo ndi ng'ombe yopanda nyanga basi.

Chimene sindinachikonzekere ndi fungo. Bambo ankabwera madzulo atavala ovololo yobiriwira ndi jombo, ndipo fungo la thukuta la akavalo, mkodzo ndi udzu wouma linkalowa m'chikepe iwo asanalowe. Mayi ankawayikira beseni pakhomo kuti avulire pomwepo. Anasamba ndi sopo wamtundu uliwonse, koma linkatsalabe m'manja. Ine ndinayamba kukhala patali nawo podya. Kusukulu anzanga atandifunsa chifukwa chake galimoto ya kampani sikundisiyanso pageti, ndinawauza kuti bambo asamutsidwira ku Abu Dhabi kukayang'anira ntchito yaikulu. Bodzalo ndinalinenanso kwa Misozi, mnzanga wa m'kalasi wochokera ku Chipata, amene tinkapempheranso naye tchalitchi chimodzi.

Chakumapeto kwa chaka, aphunzitsi athu a mbiri, mayi wina wa ku America wokonda dongosolo kwambiri, anatiuza za tsiku lalikulu. Mwana aliyense anayenera kutola kapepala m'chipewa, n'kupeza dzina la munthu wa ku America amene anakhalako m'zaka za m'ma 1800. Pa tsikulo tinayenera kuvala ngati munthuyo ndi kulankhula mphindi zitatu pansanja, ngati ndife iyeyo, makolo ali m'holo. Ena anatola apulezidenti, ena akatswiri opanga makina, ena azimayi omenyera ufulu. Ine ndinatola dzina limene panalibe analimvapo. Pansi pake panalembedwa mawu atatu: mlimi, mkulu wa asilikali apakavalo, phungu. Dzinalo linali lovuta palilime, moti mayi anga atalephera kulitchula kawiri anangoti Kaputeni, ndipo kwathu anakhala Kaputeni mpaka lero.

M'laibulale ya sukulu ndinamupeza m'buku limodzi lokha lakale, pa tsamba limodzi ndi theka. Anabadwira pafamu kum'mawa kwa dzikolo. Ali mnyamata anasamukira kumadzulo pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, n'kukaswa mphanje kudera la udzu wokhawokha. Itabuka nkhondo yapachiweniweni, ya akumpoto ndi akumwera pa nkhani ya ukapolo, anasonkhanitsa anyamata a m'dera lake n'kupita nawo, iye ali mtsogoleri wawo. Pankhondo ina kavalo wake anawomberedwa iye ali pamsana, mwendo unathyoka, ndipo anatsimphina moyo wake wonse. Atabwerera kwawo anamusankha kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo chawo. Kumeneko analimbana ndi eni sitima zapamtunda amene ankadyera alimi masuku pamutu ponyamula tirigu wawo. Pachisankho chotsatira anagwa. Anabwerera kumunda, n'kulima mpaka anamwalira ali nkhalamba.

Aphunzitsi anandiuza mmene ankafunira. Ndivale jekete yabuluu ya mabatani owala, chipewa cha asilikali, ndi lupanga la katoni. Ndifotokoze za tsiku limene kavalo anawomberedwa, kenako za kusankhidwa kwake, n'kuthera pomwepo. Zogwa pachisankho ndi zobwerera kumunda anati ndizisiye, chifukwa makolo amabwera kudzaona anthu ali pachimake pa moyo wawo. Ine ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkafuna kuwala ngati ena. Mayi anabwereka jekete kwa mnzawo wa kuchipatala, n'kusokerera mabatani achikasu pa nthawi yawo yopuma. Tinapatsidwanso kalata yoitanira makolo. Yanga ndinaipinda kanayi n'kuibisa m'buku la masamu, ndipo kunyumba ndinanena kuti chaka chino makolo sakuitanidwa.

Loweruka lisanafike tsikulo, bambo anandidzutsa m'mamawa n'kunena kuti munthu sangayerekeze kukhala kaputeni wa akavalo asanagwirepo kavalo. Ndinadandaula kuti mutu ukundipweteka, koma sanamve. Che Jafali anatitenga pa lole. Tinadutsa nyumba zazitali zosamalizidwa, mawindo ali pululu, mpaka phula linatha n'kuyamba mchenga.

Kholalo linandikwiyitsa ndisanatsike n'komwe. Akavalo anali ndi makina oziziritsa m'zipinda zawo, aliyense chake, ndiponso dziwe losambiramo, pomwe ife ku Deira tinkadikirirana bafa mabanja atatu. Bambo anavala ovololo yawo n'kutenga fosholo ndi wilibala. Ndinakhala pa belo la udzu n'kumawayang'ana akuwola ndowe, chipinda ndi chipinda, mosathamanga, ngodya zonse mpaka pansi pa chomwera. Kenako kunabwera kapitawo, mnyamata woti akanatha kukhala mng'ono wawo wachitatu, foni ili kukhutu. Anawomba m'manja pamaso pa bambo n'kumati, "Yalla, yalla," kutanthauza kuti afulumire. Magazi anga anawira. Bambo anamuyang'ana, n'kumuuza modekha m'Chingerezi kuti chipinda chino chikatha apita china, osati chisanathe. Mnyamatayo anaima pang'ono, kenako anachoka.

Atamaliza anatulutsa kavalo wamkazi wotuwa, wamtali moti msana wake unkandipitirira. Anandiuza kuti ndimufikire cha paphewa, osati kumbuyo, ndipo ndiyambe ndamupatsa dzanja kuti alinunkhize. Mphuno yake inali yofewa ndi yotentha. Bambo anayendetsa chikhato pamwendo wake wakutsogolo kuchokera pabondo mpaka pachiboda, n'kuima malo amodzi. Anaitana Che Jafali n'kuwauza kuti apa patentha, dokotala auzidwe kavaloyu asanakwere lole mawa.

"Mwaona bwino, bwana injiniya," anatero Che Jafali atagwirapo.

"Ndinakuuzani kale, Che Jafali, muno bwana ndinu. Ine ndili ndi miyezi isanu yokha."

Nthawi yopuma tinakhala pamthunzi wa lole, tikumwa tiyi wa mkaka wotsekemera kwambiri amene ogwira ntchito ankagawana m'timakapu tapepala. Bambo anandiuza kuti ndiwawerengere za Kaputeni. Ndinawerenga tsamba lonse limene ndinakopera, kenako ndinawauza mbali zimene aphunzitsi anati ndizisiye. Anazunguza kapu m'manja.

"Usilikali anachita zaka zingati?" anafunsa.

Ndinayang'ana papepala. "Zitatu."

"Uphungu?"

"Ziwiri."

"Nanga ulimi?"

Ndinawonkhetsa ndi zala. Zinapitirira makumi anayi.

"Ndiye mukumuveka chovala cha zaka zitatu, n'kubisa cha zaka makumi anayi. Mwini wake mwamufunsa?" Anamwa tiyi. "Komanso usamusandutse mngelo. Buku lako likuti anakaswa mphanje. Malo amenewo anawapeza opanda anthu? Kwathu kunonso azungu a mafamu analemba kuti anapeza tchire, koma agogo ako ankadziwa mayina a anthu amene anachotsedwapo."

Bukulo silinanenepo kanthu za zimenezo. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, koma bambo anayika kapu pansi n'kuyang'ana kuchipululu, osati kwa ine.

"Dzulo kutchalitchi bambo a Misozi anandifunsa ngati ndidzabwere Lachitatu kusukulu kwanu. Anandifunsanso kuti ku Abu Dhabi kukuyenda bwanji."

Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo zikanandipepukira akanatero.

"Kusukulu kwako sindibwera ngati sukufuna, Pili. Ndi tsiku lako. Koma za ku Abu Dhabi uzisiye. Ine ndili kuno, ndikuwola ndowe, ndipo sindinabe kanthu ka munthu. Usandisamutse malo amene ndili."

Anadzuka n'kukatenga fosholo. Ntchito itatha tinabwerera pa lole yomweyo. Sindinganame kuti ndinali wolapa nthawi yomweyo. Ndinali wokwiya, ndipo mkwiyowo unkasowa poima. Unayamba pa bambo a Misozi, unapita kwa kapitawo uja, kenako kwa akavalo okhala m'zipinda zozizira. Titafika ku Deira unali utaima pa ine ndemwe, ndi pa jekete yabuluu imene inali pakhoma.

Lamlungu, tsiku loyamba la sabata ya sukulu kumeneko, ndinapita kwa aphunzitsi nthawi yopuma n'kuwauza kuti ndikufuna kudzabwera ngati mlimi, ndiponso kufotokoza moyo wonse wa munthuyo mpaka kumapeto. Aphunzitsiwo sanali munthu woipa. Anandimwetulira n'kunena kuti ndondomeko ya tsikulo yasindikizidwa kale, ndipo pa dzina langa palembedwa mkulu wa asilikali apakavalo. Anati alimi analipo ambirimbiri, koma munthuyu amakumbukiridwa chifukwa cha nkhondo. Ndinawafunsa kuti amene anasankha zimenezo ndani. Kumwetulira kunatha. Anandiuza kuti chovala chili ndi malikisi ake, ndipo wosatsatira malangizo adzataya theka. Ndinathokoza n'kutuluka. Iwo anatenga kuthokozako ngati kuvomera.

Lachiwiri madzulo ndinatulutsa kalata ija m'buku la masamu, ndinaiwongola ndi chikhato, n'kuipereka kwa bambo ndi manja awiri. Anaiwerenga n'kunena kuti nthawi ya folo koloko imawapeza ali kuntchito, sadzakhala ndi mpata wobwera kunyumba kudzasintha. Ndinawauza kuti asasinthe. Kenako ndinawapempha ovololo yawo ina ija ndi jombo zakale. Mayi, amene anali akusita yunifomu yawo, anaimika simbi.

"Iwe, mabatani onse aja ndinasokerera chabe? Ukufuna utichititse manyazi pamaso pa anthu?"

"Msiyeni, Nachisale," anatero bambo. "Koma ovololoyo sinachapidwe."

"Ndikudziwa, Adadi," ndinayankha.

Lachitatu ndinafika kusukulu nditavala jekete yabuluu, ndipo aphunzitsi anandichonga pamndandanda wawo. Ovololo inali m'chikwama, m'mapepala apulasitiki awiri. Atatsala ana atatu kuti ifike nthawi yanga, ndinapempha kupita kuchimbudzi. Ndinavula jekete n'kuipinda bwinobwino chifukwa inali yobwereka. Ovololo ndinaipinda katatu m'miyendo ndi m'manja, ndipo m'chiuno ndinamanga chingwe chomangira belo la udzu. Jombo zinali zazikulu moti ndinkazikoka pansi. Nditabwerera kuseri kwa nsanja, mwana amene anavala ngati pulezidenti, ndevu zathonje zili kuchibwano, anatseka mphuno. Aphunzitsi anandiona dzina langa likuitanidwa kale. Anatambasula dzanja kuti andigwire, koma ndinali nditadutsa.

Holo inali yodzaza ndi yozizira, ikununkhira mafuta onunkhira a azimayi. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, ndinaona anthu awiri ataimirira ngakhale mipando yopanda anthu inalipo: bambo m'ovololo yawo yobiriwira, ndi Che Jafali atavula kapu. Mayi anali pantchito. Ndinayenda motsimphina mpaka pakati, monga mmene Kaputeni akanayendera, ndipo anthu anayamba kuseka poganiza kuti ndi jombo zikundivuta.

Ndinalankhula m'Chingerezi. Ndinati ndine mlimi. Ndinalima ndisanapite kunkhondo, ndipo ndinalima nditabwerako. Ndinafotokoza za ngolo ndi ng'ombe, za mphanje, ndipo ndinawonjezera kuti za anthu amene ankakhala pamalopo ine ndisanafike, buku silinalembe, koma sindikukhulupirira kuti kunalibe. Pamenepo kuseka kunachepa. Za kavalo wowomberedwa ndinazinena m'ziganizo ziwiri. Ndinafika pa uphungu, pa eni sitima, pa kugwa pachisankho. Ndinati m'mawa wotsatira ng'ombe zinafunabe madzi, ndipo ndinadzuka kukazimwetsa, ndipo palibe tsiku limene ndinauza munthu kuti ndikadali phungu.

Ndisanamalize, mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, amene anakhala pamzere wakutsogolo atavala chipewa chachitali, ananena mokweza kuti ndikununkha kavalo. Ana anaphulika kuseka. Mayi wina anayika kampango pamphuno. Ndinaiwala zonse zimene ndinaloweza. Ndinamuyang'ana n'kunena kuti inde, kaputeni wa akavalo amanunkha kavalo. Ndinati ovololoyi ndi ya bambo anga, ali apo pachitseko, sali ku Abu Dhabi monga ndinakunamizani, amagwira ntchito pakhola la akavalo. Mitu yonse inatembenuka. Bambo sanasunthe, sanawerame, anangokweza dzanja pang'ono ngati akulonjera anthu pamsewu. Ndikanathera pomwepo. Koma mtima unali utathamanga kale, ndipo ndinawonjezera kuti m'holo monse muno, ndi ndevu zanu zathonje ndi malupanga anu a katoni, chinthu choona chokha ndi fungo limeneli.

Wina anayamba kuwomba m'manja n'kusiya. Ndinatsika pansanja ndikukoka jombo. Kuseri ndinapeza Misozi, amene anali wotsatira wanga, atavala diresi lalitali limene mayi ake anasoka masabata awiri. Maso ake anali atadzaza misozi, ndipo anakwera pansanja osandiyang'ana.

Mwambo utatha anatiitanira ku ofesi ya ahedi, ine ndi bambo. Aphunzitsi anafotokoza kuti ndinawanamiza ndi jekete, ndinaphwanya malangizo, ndipo ndinanyoza ana anzanga pamaso pa makolo awo. Ahedi anati ndilembe kalata yopepesa pa zonse zitatu. Bambo anakana mpando umene anawapatsa, kuopa kuudetsa, ndipo analankhula ataimirira, ndi Chingerezi chawo cha m'misonkhano ya mainjiniya. Anafunsa ngati pali chimene ndinanena chokhudza munthu wa m'bukuyo chimene chinali chabodza. Aphunzitsi anavomera kuti panalibe. Bambo anati ndiye malikisi a chovala adule monga analonjezera, popeza mwanayu anadziwa mtengo wake asanachite, ndipo chilango chowanamiza ndi jekete alandire. Koma kalata yopepesa chifukwa chovala zovala za bambo ake, imeneyo salemba, ndipo iwo sasainira. Ahedi anangoti khalas, kutanthauza kuti zatha. Ndinapatsidwa theka la malikisi ndi sabata yotsalira m'kalasi nthawi yopuma.

Ndinatuluka mu ofesimo mapewa ali m'mwamba. Ndinkayembekezera kuti bambo andiyamikira. Tinafika pamalo oimika magalimoto, pamene Che Jafali ankatidikira, ndipo bambo anaima dzuwa likutiwotcha.

"Za ndevu zathonje zija unazitenga kuti?" anafunsa.

"Koma iwo ndi amene anayamba, Adadi. Anakusekani."

"Anayamba ndi mwana mmodzi. Iwe unatukwana holo yonse. Mayi a Misozi anasoka diresi lija ndi manja, ngati mmene mayi ako anasokera mabatani. Ndiye wati n'zabodza?" Anapukuta thukuta pamphumi. "Ine sindinakupemphe kuti unditukule potsitsa ena. Dzulo unkachita manyazi ndi ovololoyi, lero ukufuna kumenya nayo anthu. Zonsezo n'chimodzi. Mawa ukapepese kalasi yonse pa mawu amenewo. Okhawo."

Ndinalira pamenepo, kulira kwaukali, ndipo Che Jafali anayang'ana kumbali ngati akuwerenga nambala za magalimoto. M'mawa mwake ndinaimirira m'kalasi n'kunena kuti zimene ndinanena za zovala zawo zinali zamwano ndipo ndikupepesa. Aphunzitsi anadikira kuti ndipitirize. Ndinakhala pansi. Misozi anatenga masiku anayi asanandilankhule, ndipo tsiku lachisanu anabwera kudzakhala nane m'kalasi nthawi yachilango, n'kundiuza kuti za ku Abu Dhabi ankadziwa kuyambira kale kuti n'zabodza, chifukwa bambo akenso anali atachotsedwa ntchito n'kukhala pakhomo miyezi iwiri osauza munthu, ndiye bodza lotere ankalizindikira.

Chaka chitatha ndinasamukira kusukulu yaing'ono ya ku Deira komweko. Bambo anagwira pakholapo pafupifupi zaka ziwiri, mpaka ntchito zomanga zitayambiranso. Polemba pepala lofunsira ntchito ya uinjiniya, mnzawo wina anawalangiza kuti zaka ziwirizo alembe kuti ankapereka uphungu wa zomangamanga paokha. Iwo analemba kuti ankasamalira akavalo, n'kuika Che Jafali ngati munthu wowachitira umboni. Makampani awiri sanawayankhe. Yachitatu inawalemba. Patapita zaka zisanu tinabwerera ku Malawi, pa tsiku limene anasankha okha.

Lero ndimagwira ntchito yolemba anthu ntchito pa kampani ina ku Lilongwe, ndipo mapepala a miyoyo ya anthu amadutsa m'manja mwanga sabata iliyonse, onse atakonzedwa kuti aoneke pachimake pokhapokha. Ndimamvetsa chifukwa chake, poti inenso ndinabisapo munthu wamoyo. Chimene ndinaphunzira ndili mwana n'chakuti kukana manyazi amene anthu akufuna kukuveka n'kosavuta kusiyana ndi kuwakana popanda kuwaveka wina. Choyambacho ndinachichita pa mphindi zitatu. Chachiwiricho ndikuphunzirabe. Munthu akakhala patsogolo panga, pepala lake lili ndi zaka ziwiri zosalembedwa kanthu, ndimaona maso ake akuthawa ndikafika pamenepo. Ndimatseka fayilo, n'kumuuza kuti zinazo ndawerenga kale, andiuze zimene ankachita zaka zimenezo, ndipo asafulumire.